Mawu a Munthu m'Timapaketi: Luso la Opus

Amene ali ndi foni ya Android angathe kudzionera yekha zimenezi lero lomwe. Atsegule mosungira mafayilo, alowe mu foda ya WhatsApp, afufuze mmene mumagona mauthenga a mawu aja ambirife timangoti ma voice note. Apezamo mndandanda wa mafayilo oyamba ndi zilembo PTT, kenako deti limene uthenga unabwera, ndipo kumapeto kwa dzina lililonse kuli kadontho ndi liwu loti opus. Akayang'ana kulemera kwake adabwa. Uthenga umene mlamu wa ku Joni anayankhula mphindi yathunthu, wonena za ndalama ya feteleza ndi fizi ya ana, ndi wopepuka kutalitali kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi kamera ya foni yomweyo. Koma mukautchera khutu, mlamu ndi yemwe uja: kasekedwe kake, kupuma kumene amapuma asanatchule nkhani yolemera, ngakhale chimfine cha m'chisanu cha Juni chimene chamutseka mphuno.

Opus ndi dzina la codec imene inagwira ntchitoyi. Codec ndi pulogalamu ya mbali ziwiri: mbali ina imafinya mawu kuti achepe asananyamuke, inayo imawafutukula akafika. Opus inavomerezedwa mu Seputembala 2012 ndi bungwe la IETF, limene limakonza malamulo a kayendedwe ka zinthu pa intaneti, m'chikalata chotchedwa RFC 6716. Pachikalatacho pali mayina atatu: a Jean-Marc Valin ndi a Timothy Terriberry, amene panthawiyo anali ku Mozilla, ndi a Koen Vos a ku Skype. Lero ntchito yawo imamveka mu YouTube, mu Discord, mu Signal, ndi m'misonkhano ya pavidiyo yochitikira mu Chrome ndi Firefox. Ine ndimaiwerengera m'gulu la ntchito zaluso kwambiri za m'badwo uno, ndipo chimene chimandigwira mtima ndi poyambira pawo. Amisiriwa anavomereza kaye kuti njira idzakhala yopapatiza, yochedwetsa ndi yotaya zinthu. Atatero anadzifunsa funso limodzi n'kulikakamira mpaka kumapeto: pa zonse zimene zili m'mawu a munthu, n'chiyani chimene khutu silingalole kuti chisowe?

Foni itasiya kukhala ndi njira yakeyake

Pa lamya zakale za nthambo, munthu akaimba, makina ankamupatulira njira yakeyake yofika kwa mnzake, ndipo inkakhala yake mpaka atadula. Kuyambira 1972 panali muyezo wotchedwa G.711. Mawu ankayezedwa ka 8,000 pa sekondi, muyezo uliwonse n'kulembedwa ndi mabiti 8, zonse pamodzi mabiti 64,000 pa sekondi. Biti ndiko kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga wa kompyuta, 0 kapena 1, ndipo mabiti 8 amapanga baiti imodzi. Kaya munthu akuyankhula, kaya wangoti duu, mabiti 64,000 aja ankayenda basi. Kunali kusakaza, koma kunali kodalirika. Chimene chanyamuka chinkafika, m'ndondomeko yake, pa nthawi yake.

Manetiweki a m'badwo watsopano anasintha maziko amenewa. Bungwe la ITU, powafotokoza m'chikalata cha Y.2001 mu 2004, linati ndi manetiweki oyendetsa zonse m'mapaketi. Mawu, kanema, chithunzi, uthenga wolemba, zonse zimadulidwa tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kumatidwa keyala ya kumene kakupita, n'kuponyedwa m'njira imodzi ndi za anthu ena onse. Phindu lake ndi lalikulu, chifukwa nsanja imodzi ndi chingwe chimodzi zimatumikira aliyense pa chilichonse. Komabe palibenso amene wakusungirani malo. Madzulo, anthu a dera lonse akaweruka n'kuyamba kuonera mpira ndi mavidiyo kudzera pa nsanja yomweyo, mapaketi a mawu anu amaima pamzere. Ena amafika mochedwa, ena amapitirirana, ena amatayidwa osafika n'komwe. Makampani a mafoni ali ndi VoLTE, imene imapatsa mapaketi a mawu mpata wodutsa patsogolo pa netiweki ya 4G. Mawu oyenda pa intaneti wamba, pa bandulo yanu ya tsiku limodzi, alibe mpata umenewo. Ayenera kudzisamalira okha, ndipo Opus inapangidwira iwowo.

SILK: kuphunzira pakhosi pa munthu

Theka loyamba la Opus linachokera ku Skype, kumene linatuluka mu 2009 ndi dzina loti SILK. Nzeru yake yagona pa kudziwa mmene munthu amapangira mawu. Mpweya umachoka m'mapapo n'kudutsa pakati pa timinofu tiwiri ta m'kholingo, timene timatsekuka ndi kutsekeka mofulumira: kwa abambo ambiri ka 100 ndi kuposerapo pang'ono pa sekondi, kwa amayi kuzungulira ka 200. Kugunda kumeneku kumadutsa kukhosi, m'kamwa ndi m'mphuno, ndipo lilime, nsagwada ndi milomo zimakuumba kukhala a, e, i, o kapena u. Ziwalo zimenezi ndi za mnofu, sizidumpha. Mukagawa sekondi m'magawo 1,000, gawo limodzi ndilo milisekondi, ndipo m'mamilisekondi 20 lilime silifika patali. Motero mawu amene akutuluka tsopano amafanana kwambiri ndi amene angotuluka kumene.

SILK imadyera pomwepo. M'malo motumiza muyezo uliwonse monga ulili, imayang'ana miyezo yangodutsayo, 10 kapena 16 malinga ndi kukula kwa mawu amene ikunyamula, n'kulosera wotsatira. Manambala ochepa amene imaloserera ndiwo akufotokoza mmene kukhosi ndi m'kamwa zaumbikira pa kamphindi kameneko. Imayezanso kutalika kwa kugunda kumodzi kwa kholingo, n'kugwiritsa ntchito kugunda kwapitako polosera kotsatira. Chimene chimanyamuka ndi manambala aja, pamodzi ndi kusiyana kwa pakati pa ulosi ndi mawu enieni. Wolandira ali ndi cholosera chofanana ndendende, ndiye akalandira kusiyanako amangowongola ulosi wake, mawu n'kubwerera. Ulosi ukakhala wakuthwa, kusiyana kumachepa, mabiti n'kuchepa nawo. Kwa ife oyankhula Chichewa, kusamala kugunda kwa kholingo n'kofunika kwambiri, chifukwa m'chiyankhulo chathu kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo, ndipo ndi kumene kumatiuza ngati munthu akufunsa, akuseleula kapena akudandaula.

Kulosera mawu motere kunayamba kale. A Fumitada Itakura ndi a Shuzo Saito ku NTT ya ku Japan, ndi a Bishnu Atal ku Bell Labs ya ku America, anakuyala m'zaka za m'ma 1960, ndipo mafoni a GSM oyambirira ankanyamula mawu ndi mabiti 13,000 pa sekondi mothandizidwa ndi nzeru yomweyi. Pamene SILK imandisangalatsa ndi mmene imachitira ndi zolakwika zake. Kufinya kulikonse kumasiya kaphokoso kosafunika, ndipo kaphokosoka sikangachotsedwe popanda kuwonjezera mabiti. Koma kangasunthidwe. Khutu la munthu lili ndi khalidwe lakuti mawu amphamvu amaphimba mawu ofooka oyandikana nawo. SILK imakankhira kaphokoso kaja pansi pa mbali zamphamvu za liwu, n'kusiya mbali zofooka zili mbee. Cholakwikacho chilipo ndithu, makina oyezera akhoza kuchiloza, koma womvera sachipeza.

Palinso nkhani ya kutambalala kwa mawu. Kunjenjemera kwa mpweya kumawerengedwa mu Hz: liwu la besi lili ndi ma Hz ochepa, mluzu uli ndi ambiri. Lamya yakale inkadutsitsa mawu a pakati pa 300 Hz ndi 3,400 Hz okha. N'chifukwa chake s ndi f zinkasokonezeka, poti chosiyanitsa chawo chili pamwamba pa malire amenewo, ndipo anthu ankachita kubwereza dzina kangapo. SILK imafika mpaka 8,000 Hz ndi mabiti osakwana theka la a lamya ija.

CELT: kuphunzira khutu la womvera

Nyimbo ilibe kholingo limodzi. Gitala, ng'oma, visekese ndi kwaya ya anthu 40 zikalira pamodzi, cholosera chozolowera pakhosi pa munthu mmodzi chimasokonekera. Ma codec a nyimbo monga MP3 analipo kale, koma amasonkhanitsa mawu ambiri asanayambe kufinya, motero amachedwetsa kwambiri mwakuti anthu sangachezerepo. A Valin, amene anali atalemba kale codec ya mawu yotchedwa Speex kuyambira 2002, anayamba ntchito ina mu 2007 pansi pa bungwe la Xiph.Org, mothandizana ndi a Terriberry ndi a Gregory Maxwell. Anaitcha CELT. Cholinga chinali chovuta: nyimbo yomveka bwino, koma yofika msanga mwakuti oimba awiri otalikirana akhoza kuimbira limodzi.

CELT imatenga chidutswa cha phokoso n'kuchigawa m'zigawo 21, kuyambira mawu a pansi mpaka a pamwamba. Zigawo za pansi ndi zopapatiza, za pamwamba ndi zotakata, chifukwa khutu limasiyanitsa bwino mawu a pansi kuposa a pamwamba. Ndiye pa chigawo chilichonse imayamba ndi kulemba chinthu chimodzi chimene siinyengerera: mphamvu ya phokoso m'chigawocho. Mabiti otsala ndiwo amapita kofotokoza kaumbidwe ka mkati mwa chigawo. Mabiti akaperewera, mwakuti chigawo china cha pamwamba chatsala chopanda kanthu, wolandira amabwereka kaumbidwe ka chigawo cha pansi, n'kukakweza kapena kukatsitsa kuti kafanane ndi mphamvu imene anauzidwa. Amisiriwa anazindikira kuti khutu limakhululuka kaumbidwe kakasokonekera pang'ono, koma silikhululuka chigawo chikazima kapena chikamayaka ndi kuzima. N'chifukwa chake mawu a CELT, mabiti akachepa, amakhakhala pang'ono koma sazilala.

Pali kaluso kena kobisika kwambiri. Codec iliyonse iyenera kusankha kuti chigawo chiti chipatsidwe mabiti angati, ndipo kuuza wolandira za kagawidweko kumadyanso mabiti. Mu CELT wotumiza ndi wolandira amawerengetsa kagawidweko aliyense payekha, potsatira lamulo limodzi ndi kukula kwa paketi, n'kupeza yankho lofanana. Wotumiza amangotchula pamene wapatuka pang'ono pa lamulolo. Mabiti amene akanathera pofotokoza kagawidwe amapita ku phokoso lenileni.

Pamene gulu la IETF loona za codec linakhazikitsidwa mu 2010, SILK ndi CELT zikanatha kupikisana, ina n'kugwa. Eni ake anasankha kuzilumikiza. Pa mawu a munthu ndi mabiti ochepa imagwira ntchito SILK yokha. Pa nyimbo, kapena pofunika liwiro lalikulu, imagwira CELT yokha. Pakatikati zimagwirira limodzi: SILK imanyamula zonse za pansi pa 8,000 Hz, pamene pali mtima wa liwu, CELT n'kunyamula za pamwamba mpaka 20,000 Hz, pamene pali kuwala kwake. Ziwirizi zimalemba mu mtsinje umodzi wa mabiti, ina ikamaliza ina n'kupitiriza pomwepo, popanda biti yotayika pakati.

Baiti yoyamba

Ngati pali malo amodzi oonerapo ukadaulo wa Opus, ndi baiti yoyamba ya paketi iliyonse. Mabiti ake 8 agawidwa motere. Asanu oyamba amasankha chimodzi mwa zinthu 32, ndipo chilichonse chimatchula zitatu nthawi imodzi: ngati mukugwira SILK, CELT kapena zonse ziwiri, kutambalala kwa mawu, ndi kutalika kwa chidutswa. Biti yachisanu ndi chimodzi imanena ngati phokoso ndi la khutu limodzi kapena la makutu awiri. Awiri otsiriza amanena za kuchuluka kwa zidutswa zimene zili m'paketimo. Basi. Paketi iliyonse imafika ikudzifotokoza yokha, ndipo wolandira safunika kuchenjezedwa pasadakhale.

Phindu la kabaiti kameneka limaoneka paulendo. Tiyerekeze munthu ali m'basi yochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, akucheza pa intaneti. M'tauni netiweki ndi yamphamvu, mawu akuyenda ndi mabiti 32,000 pa sekondi, otambalala bwino. Basi ikulowa m'mapiri a ku Dedza, nsanja yabisika, njira yapapatiza. Foni ya mnzake ikutumiza malipoti akuti mapaketi akuchedwa, ndipo pulogalamu ikuuza Opus kuti itsike. Paketi yotsatira yomweyo ikhoza kunyamuka ndi mabiti ochepa, mawu opapatiza, zidutswa zitalizitali. Liwu lapyapyala, koma chiganizo sichinaduke. Basi ikatulukira poyera zonse zimabwerera mwakale. Opus imatha kutsika mpaka mabiti 6,000 pa sekondi ndi kukwera mpaka 510,000, ndipo pakati ponsepo imasintha macheza ali mkati.

Ngakhale polumikizira anapaganizira. Kudumpha kuchoka ku SILK kupita ku CELT kukhoza kusiya kaphokoso ka thwa m'khutu, chifukwa ziwirizi zimakumbukira zakale mosiyana. Pofuna kupewa zimenezi, paketi ya pamalire imatha kunyamula kachidutswa kowonjezera ka mamilisekondi 5, kamene kamasalaza msoko kuti mbali ina ilowe mwa inzake mosamveka.

Kulimbana ndi nthawi

Macheza a anthu awiri amadalira kulandizana mawu, ndipo mpata wa pakati pa woyankhula ndi woyankha ndi waung'ono kwambiri. Bungwe la ITU, m'chikalata cha G.114, limati mawu akamafika m'khutu la mnzako pasanathe mamilisekondi 150, macheza amayenda bwino, ndipo kupitirira 400 n'kosayenera. Amene anaimbapo foni yodutsa pa setilaiti ya pamtunda wa makilomita 35,786 akudziwa zotsatira zake. Kukwera ndi kutsika kokha kumadya pafupifupi kota ya sekondi, ndiye nonse mumayamba kuyankhula pamodzi, nonse n'kusiya, nonse n'kunena kuti "pitirizani". M'chingwe cha fibre kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndipo kwa ife a dziko lopanda doko, mapaketi amayamba adutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique kuti akapeze zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010. Mtunda sungafupikitsidwe. Chimene mmisiri angachepetse ndi nthawi imene codec yake ikudya.

Mwa nthawi zonse Opus imadula mawu m'zidutswa za mamilisekondi 20, ndipo kuchedwa kwake konse kumakhala mamilisekondi 26.5. Ikafunika kuthamanga, imadula tizidutswa ta 2.5, kuchedwa n'kutsika kufika pa 5. Wina angafunse chifukwa chosangogwiritsa ntchito tating'onoto nthawi zonse. Yankho lili pa keyala. Paketi iliyonse ya mawu imavala mitu itatu: wa IP wa mabaiti 20, wa UDP wa mabaiti 8, ndi wa RTP wa mabaiti 12, umene umanyamula nambala ya paketi ndi nthawi yake. Onse pamodzi ndi mabaiti 40. Zidutswa za mamilisekondi 20 zimatanthauza mapaketi 50 pa sekondi, ndiye mitu yokha ikudya mabiti 16,000 pa sekondi. Ngati mawu nawonso akuyenda ndi mabiti 16,000, ndiye kuti theka la bandulo yanu likuthera pa keyala. Mukafupikitsa zidutswa kukhala za 10, mitu imadya kawiri. Mukazitalikitsa kukhala za 60, mitu imatsika katatu, koma kuchedwa kumakula, ndipo paketi imodzi ikatayika imapita ndi mawu ambiri. Palibe yankho limodzi lokwanira paliponse, ndipo Opus siikakamiza lililonse. Imapereka 2.5, 5, 10, 20, 40 ndi 60, kuti wopanga pulogalamu asankhe malinga ndi njira imene ali nayo.

Paketi ikasowa

Uthenga wojambuliratu ulibe vuto ndi kutayika kwa mapaketi, chifukwa foni imangopempha kuti osowawo atumizidwenso, ndipo wolandira amadikira pang'ono. Macheza a pompopompo alibe mwayi umenewo. Pofika nthawi imene paketi yopemphedwanso yatulukira, malo ake m'chiganizo adutsa kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Choncho chitetezo chiyenera kukonzedwa tsoka lisanagwe, ndipo chili m'mizere itatu.

Mzere woyamba uli kunja kwa Opus, koma ndi mnzake wapamtima. Wolandira amasunga mapaketi kanthawi kochepa asanawaimbe, kuti ochedwa apeze anzawo ndipo opitirirana abwerere m'ndondomeko. Mu WebRTC, imene imayendetsa macheza a mu Chrome, ntchitoyi imagwiridwa ndi NetEQ, yochokera ku kampani ya Global IP Solutions imene Google inagula mu 2010. Kachitidwe kake n'kosiririka. Ikaona kuti mapaketi osungidwa atsala pang'ono kutha, imatalikitsa liwu pobwereza kugunda kumodzi kwa kholingo pakati pa a kapena o, pamene khutu silizindikira. Mapaketi akaunjikana, imachotsako kugunda kumodzi apa ndi apo kuti ipeze nthawi yotayika ija. Woyankhula amafulumizidwa ndi kuchedwetsedwa pang'onopang'ono, liwu lake osakwera kapena kutsika.

Mzere wachiwiri uli mkati mwa SILK. Zili ngati munthu wolemba makalata tsiku ndi tsiku amene, podziwa kuti ena amasochera panjira, pansi pa kalata iliyonse amabwereza mwachidule zimene analemba dzulo. Paketi iliyonse imatha kunyamula, pambali pa chidutswa chatsopano, kope lofinyidwa kwambiri la chidutswa chapitacho. Paketi nambala 7 ikasowa, wolandira amatsegula nambala 8 n'kupezamo mwachidule zimene zinali mu 7. Kope limeneli silimveka bwino ngati loyamba, koma ndi mawu enieni a munthuyo. Wotumiza amayatsa zimenezi akauzidwa kuti njira ikutaya, ndipo amatapa mabiti pang'ono pa mawu atsopano kuti apezere malo obwerezawo. Njira ikakhala yabwino, mabiti onse amabwerera ku mawu atsopano.

Mzere wachitatu ndi wa pamene zonse zalephera, palibe paketi, palibe kope. Kusiya dzenje la chete kumabaya khutu, ndiye wolandira amapitiriza yekha. Amatenga kugunda kwa kholingo kotsiriza ndi kaumbidwe ka m'kamwa kotsiriza, n'kupitiriza liwu kuchokera pamene linalekera. Pa mamilisekondi 20 nthawi zambiri womvera sazindikira n'komwe. Chimene ndimalemekeza apa ndi kudziletsa. Kusowa kukapitirira, liwu lopitirizidwalo limatsitsidwa pang'onopang'ono mpaka kuzima. Makina amaphimba kampata kamene angaphimbe moona, n'kuleka pamene kupitiriza kukanakhala kuikira munthu mawu m'kamwa.

Ngakhale kukhala chete kunalingaliridwa. Anthu awiri akamacheza, wina akamayankhula mnzake amamvetsera, ndipo kutumiza mapaketi 50 pa sekondi onyamula chete ndi kutaya bandulo. Opus imatha kuleka kutumiza munthu akakhala chete, n'kumangoponya paketi imodzi pa mamilisekondi 400 aliwonse. Koma chete weniweni, wopanda ngakhale mpweya, amaopsa womvera. Nthawi yomweyo amayamba: "Halo? Mukundimva? Yaduka kodi?" Ndiye wolandira amapanga kaphokoso kofatsa kofanana ndi ka m'chipinda cha mnzakeyo, potsatira zimene timapaketi tapatalipatali tija tikumuuza. Kaphokoso kameneka ntchito yake ndi imodzi, kutsimikizira womvera kuti mnzake akadalipo.

Ntchito yosiyidwa poyera

Ma codec ambiri a mafoni ndi a nyimbo anali ndi eni, ndipo wofuna kuwaika m'chipangizo chake ankalipira. Opus inatuluka yaulere. Xiph.Org, Broadcom ndi Microsoft, imene inagula Skype mu 2011, analola kuti nzeru zawo zotetezedwa ndi lamulo zigwiritsidwe ntchito popanda malipiro, ndipo pulogalamu yonse inaikidwa poyera kuti aliyense awerenge. Mu 2016 IETF inalamula kuti chida chilichonse cha WebRTC chizidziwa Opus. Skype yeniyeniyo inatsekedwa mu Meyi 2025, koma SILK ikugwirabe ntchito m'mafoni osawerengeka chifukwa eni ake anaitulutsa m'nyumba nthawi ikadalipo.

Chisankho china chanzeru chinali chakuti chikalata cha 2012 chinamanga mbali yofutukula yokha. Mmene mabiti ayenera kumasuliridwira n'zokhazikika, koma mmene wofinya angasankhire mabitiwo anazisiya zomasuka. Motero mbali yofinya yakhala ikunoledwa chaka ndi chaka popanda kutaya zipangizo zakale. Opus 1.1 ya mu 2013 inaphunzira kuzindikira yokha ngati ikumva kuyankhula kapena nyimbo. Opus 1.3 ya mu 2018 inanola kuzindikirako. Opus 1.5 ya mu Malichi 2024 inabwera ndi nzeru za makina ophunzira, zophimba bwino mapaketi osowa, ndi njira yotchedwa DRED, imene imalola paketi iliyonse kunyamula mbiri yofinyidwa ya mawu ofika sekondi yathunthu. Izi zinapangidwira vuto limene ogwiritsa ntchito netiweki yofooka amalidziwa bwino, pamene mapaketi amasowa ambirimbiri motsatizana. Foni yakale imene siidziwa DRED imangodumpha zowonjezerazo n'kuimba mawu monga kale.

Mnyamata kapena mtsikana wophunzira za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST angathe kutsitsa pulogalamu yonseyi lero n'kuiwerenga mzere ndi mzere, ndipo ndikanakonda ambiri atatero. Masamu ake ndi ozama, koma chofunika kutolapo choyamba ndi dongosolo la mafunso. Amisiri a Opus anayamba ndi munthu: kholingo lake limachita chiyani, khutu lake limakhululuka chiyani, mtima wake umatekeseka pakapita mamilisekondi angati. Kenako anayang'ana njira monga ilili, ndi kupapatiza kwake, ndi kutaya kwake, osaikongoletsa. Biti iliyonse anaipatsa ntchito atayankha mafunso awiriwo. Ambiri mwa ife tipitiriza kuyankhulira pa netiweki yodzaza madzulo ndi bandulo yowerengera, ndipo zida zimene zidzatithandize ndi zopangidwa m'dongosolo limeneli. Amene adzapange mapulogalamu a zaulimi, a zaumoyo ndi a maphunziro oyendera pa manetiweki athu ali ndi chitsanzo cha mmene ntchito yotere imagwiridwira, ndipo chili poyera, chaulere.